Kayikidwe ka mawaya a mafoni m'maofesi

Kayikidwe ka mawaya a mafoni m'maofesi ndi ntchito yokoka nthambo kuchokera pa makina ogawa mafoni a kampani kukafika pa desiki iliyonse, n'kuzimanga, kuzilumikiza ndi kuzilemba manambala mwadongosolo loti mmisiri wina aliyense atha kulitsata. Amisiri amaitchula ntchitoyi kuti structured cabling. Kale foni inali ndi waya wake, kompyuta wakenso, koma masiku ano waya wa mtundu umodzi ndiye amanyamula mawu a pafoni, intaneti, zithunzi za makamera achitetezo, ngakhalenso magetsi oyatsira foniyo. Mafoni a padesiki amasinthidwa pakangopita zaka zingapo, pomwe waya wodutsa m'khoma ndi m'denga amatsala pomwepo. Makampani akuluakulu opanga mawayawa amapereka chitsimikizo cha zaka 20 kapena 25, ndiye kuti chimene chalakwika pa tsiku loika chimadzavutitsa anthu amene pa tsikulo kunalibe.

Mbiri yake

Alexander Graham Bell analembetsa foni ngati luso lake ku America m'chaka cha 1876. Mafoni oyambawo ankayendera waya mmodzi wachitsulo, monga zinkakhalira ndi telegalafu, ndipo mphamvu ya magetsi inkabwerera kudzera m'nthaka. Zinali zotchipa, koma phokoso lake linali losaneneka. Waya ankatola kulira kwa matelegalafu oyandikana naye, ndipo magetsi a m'misewu ndi sitima zamagetsi za m'tauni zitafika, anthu ankachita kukuwa kuti amvane. Mu 1881 Bell yemweyo analembetsa njira yogwiritsa ntchito mawaya awiri opotana. Mawaya akapotana, phokoso lochokera kunja limalowa mofanana mwa onse awiri, ndipo makina olandira, amene amangowerenga kusiyana kwa awiriwo, salimva. Nzeru imeneyi ndi imene ili m'kati mwa waya wa m'ofesi iliyonse lero.

Malo oyamba olumikizira mafoni a anthu olipira anatsegulidwa ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut, mu Januwale 1878, ali ndi makasitomala 21 okha. Zaka khumi zisanathe, mizinda ikuluikulu inali itaphimbika ndi mawaya. Ku Stockholm kampani ya mafoni inamanga nsanja yachitsulo mu 1887 pomwe pankakumana mawaya pafupifupi 5,000 ochokera mbali zonse za mzindawo, ndipo zithunzi zake zimadabwitsa mpaka pano. Ku New York, komwe kampani iliyonse inkazika mapolo akeake, mkuntho wa chipale chofewa wa mu Malichi 1888 unagwetsa mapolo ndi mawaya omwe, mzinda n'kukhala masiku angapo osamvana ndi mizinda ina. Zitatero akuluakulu a mzindawo anaumirira kuti mawaya akwiriridwe pansi. Nsanja ya ku Stockholm nayo inatha ntchito pofika mu 1913 pa chifukwa chomwecho. Inapsa mu 1952, ndipo chaka chotsatira anaigwetsa.

M'kati mwa maofesi vuto linali lina. Kampani ya antchito ambiri sikanakwanitsa kulipirira aliyense laini yake, choncho inkatenga malaini ochepa n'kukhala ndi swichibodi yakeyake yogawira antchitowo. Makina otere ndiwo amatchedwa PBX, ndipo amene amalumikiza okha popanda munthu wobaya mapulagi amatchedwa PABX. Maofesi ang'onoang'ono ankagwiritsa ntchito mafoni a mabatani owala, batani lililonse laini yake. Otchuka kwambiri anali a mtundu wa 1A2, amene kampani ya mafoni ya Bell System inatulutsa mu 1964. Foni imodzi yokha ya mtunduwu inkafuna nthambo ya mawaya 50, opotana awiriawiri kukhala magulu 25, yonenepa pafupifupi sentimita imodzi. Ofesi ya mafoni 30 inali ndi mtolo wa mawaya wosanyamulika.

Kuti mmisiri asasokonezeke pa mawaya ochuluka chonchi, panakhazikitsidwa dongosolo la mitundu limene likugwirabe ntchito. Mitundu isanu ya gulu loyamba, woyera, wofiira, wakuda, wachikasu ndi wapepo, imaphatikizidwa ndi isanu ya gulu lachiwiri, wabuluu, waolenji, wobiriwira, wabulauni ndi wotuwa, n'kutulutsa magulu 25 osafanana. Mu 1962 kampani ya Western Electric inabweretsanso thabwa lolumikizira lotchedwa 66 block, pomwe waya amangomukhomera pakati pa timano tiwiri tachitsulo osamusenda. Timanoto timacheka pulasitiki tokha n'kuluma mkuwa. Ku Berlin kampani ya Krone inakonza yake yotchedwa LSA-PLUS, ya timano toima mopendeka, imene inafalikira kwambiri ku Ulaya, ku Australia ndi kuno ku Africa.

Pa zaka zonsezi waya wa m'ofesi sanali wa mwini ofesi. Ku America anali wa AT&T, ku Britain anali wa Post Office, ndipo kulumikiza chipangizo chachilendo pa laini kunali koletsedwa. Zinthu zinayamba kusintha mu 1968 pamene bungwe la FCC linagamula mlandu wa Carterfone, kachipangizo ka Thomas Carter wa ku Texas kolumikiza wailesi yolankhulirana ndi foni, n'kulola kuti zipangizo za makampani ena zizilumikizidwa malinga ngati sizikuononga laini. Mu 1976 bungwe lomweli linavomereza masoketi ofanana a m'gulu la RJ, komwe kunachokera mayina a RJ11 ndi RJ45. Kenaka pa 1 Januwale 1984 AT&T inagawidwa m'makampani angapo, ndipo eni nyumba anangozindikira kuti mawaya a m'makoma mwawo tsopano ndi udindo wawo.

Apa ndiye panabuka chipwirikiti. Makompyuta anali atangoyamba kudzaza m'maofesi, ndipo kampani iliyonse, kaya IBM, kaya DEC, kaya Wang, inali ndi waya wake ndi mapulagi ake osagwirizana ndi a inzake. Kusintha makina kunkatanthauza kukokanso mawaya nyumba yonse, akalewo n'kungowasiya m'denga. Mu 1985 makampani a makompyuta ndi a mafoni anapempha bungwe la EIA kuti likonze muyezo umodzi. Ntchitoyo inatenga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo muyezo wa EIA/TIA-568 unatuluka mu 1991. Wa dziko lonse, ISO/IEC 11801, unatsatira mu 1995.

Momwe dongosololi limakhalira

Mfundo yaikulu ndi yakuti soketi iliyonse ya pakhoma ikhale ndi waya wakewake, wosalumikiza pakati, wochokera ku chipinda chimodzi cha mawaya. Kudumphitsa waya kuchoka pa desiki iyi kupita pa inzake, monga ankachitira ndi mafoni a m'nyumba, sikuloledwa. M'chipindamo mawaya onse amathera kumbuyo kwa thabwa la masoketi lotchedwa patch panel, lomangidwa m'kabati yachitsulo ya mainchesi 19 m'lifupi, muyezo umene makampani a mafoni anayamba kuugwiritsa ntchito cha m'ma 1920. Kutsogolo kwake timawaya tifupitifupi ndito timalumikiza soketi iliyonse ku PABX kapena ku makina ogawa netiweki otchedwa switch. Wantchito akasamuka ofesi, mmisiri amangosuntha kawaya kamodzi m'kabatimo, nambala n'kumutsatira, osakwera m'denga. Nyumba ikakhala yosanja, nsanjika iliyonse imakhala ndi kachipinda kake, ndipo tizipindato timalumikizidwa ku chipinda chachikulu, kawirikawiri ndi faiba.

Waya wa m'khoma asapitirire mamita 90, ndipo timawaya tolumikizira ta mbali zonse ziwiri tisapitirire mamita 10 tikaphatikizidwa. M'kati mwake muli mawaya asanu ndi atatu opotana awiriawiri, gulu lililonse lopotedwa mosiyana pang'ono ndi linzake kuti asamamverane. Mawayawa ali m'magiredi. Cat3 wakale ankafika 16 MHz ndipo ankakwanira pa mawu, Cat5e amafika 100 MHz, Cat6 amene anavomerezedwa mu 2002 amafika 250 MHz, pomwe Cat6A wa mu 2008 amafika 500 MHz. Polumikiza pali ndondomeko ziwiri za mitundu, T568A ndi T568B, zimene zimangosiyana pa malo a gulu lobiriwira ndi laolenji. Zonse n'zabwino, bola nyumba yonse itsate imodzi. Gulu labuluu silisuntha, limakhala pakati, pa mano a nambala 4 ndi 5, ndipo aka n'kachizindikiro kotsala ka kumene zonsezi zinachokera: pakatipo ndi pamene pulagi yaing'ono ya foni wamba imagunda.

Waya ameneyu amaoneka wolimba koma sachedwa kulemala. Akakokedwa mwamphamvu yopitirira pafupifupi makilogalamu 11, mapotedwe ake amatambasuka. Akapindidwa mwadzidzidzi pa kona, chimodzimodzi. Polumikiza, mmisiri saloledwa kupotolola malo opitirira mamilimita 13. Zomangira zapulasitiki zikakokedwa mpaka kuluma khungu la waya zimaononga mwakachetechete, n'chifukwa chake amisiri osamala amakonda malamba a Velcro, amene amamasukanso pofuna kuonjezera waya wina. Mawaya a foni sayenda m'paipi imodzi ndi a magetsi, ndipo akafunika kudutsana amadutsana mopingasa. Choipa cha zolakwika zotere n'chakuti foni siifa kamodzin'kamodzi. Imagwira Lolemba, Lachitatu mawu n'kumaduladula, mwini ofesi n'kumakalipira kampani ya intaneti imene sinalakwe.

Pa zolemba manambala pali muyezo wakewake, TIA-606, wa mu 1993. Umafuna kuti waya aliyense akhale ndi nambala yomweyo mbali zonse ziwiri, soketi ndi malo ake m'kabati zigwirizane, ndipo pakhale buku kapena mapu osonyeza zonsezi. Unapatsanso mitundu ntchito zake, mwachitsanzo olenji pomwe laini ya kampani ya mafoni yathera, pepo pa makina monga PBX, ndi buluu pa mawaya opita ku madesiki. Mwa malamulo onse ili ndiye lotchipa kulitsata, komanso ndi limene limasiyidwa kawirikawiri.

Mafoni akale ankadya magetsi a mavolti 48 ochokera ku mabatire a ku kampani ya mafoni, n'chifukwa chake ankalirabe magetsi atazima. Mafoni a VoIP, oyendera intaneti, amalandira magetsi kuchokera ku switch kudzera m'waya womwewo. Muyezo wa IEEE 802.3af wa mu 2003 unaloleza mawati 15.4, wa mu 2009 unafikitsa pa 30, ndipo wa mu 2018 unafika pa 90. Mawaya ambiri onyamula magetsi chonchi akamangidwa mtolo umodzi waukulu amatentha pakati, choncho mitolo imagawidwa kukhala ing'onoing'ono.

Moto ndi chitetezo

Malamulo ambiri a ntchitoyi analembedwa moto utachitika kale. Pa 27 Febuluwale 1975 moto unabuka m'chipinda cha pansi cha mawaya pa nyumba ya New York Telephone, mu msewu wa Second Avenue, n'kukwera m'mwamba motsata mawaya kudzera m'mabowo a pakati pa nsanjika. Mafoni opitirira 170,000 anafa, ndipo panatenga masiku 23 kuti abwerere. Pulasitiki ya PVC yokutira mawaya ikamapsa imatulutsa utsi wakuda wa asidi, ndipo ozimitsa moto pafupifupi 700 anaupuma tsikulo. Lero bowo lililonse limene waya wadutsa pa khoma lotchinga moto liyenera kutsekedwa ndi zomatira zosapsa, ndipo pali mawaya apadera a m'malo oyenda mpweya komanso ena otchedwa LSZH, a utsi wochepa. Kuyambira mu 2002 malamulo a zamagetsi a ku America amafuna kuti mawaya osiyidwa achotsedwe m'denga, chifukwa ndi nkhuni chabe.

Ku Britain phunziro linabwera mowawa. Mu Epulo 2010 ozimitsa moto awiri anafera m'nyumba yosanja ya Shirley Towers ku Southampton, komwe mapaipi apulasitiki osungira mawaya anasungunuka, mawaya n'kugwa pansi n'kumakola anthu mu utsi. Malamulo a BS 7671 anasinthidwa mu 2015 kuti mawaya a m'njira zothawira azigwiridwa ndi zomangira zosasungunuka, ndipo mu 2018 lamuloli linafalikira nyumba yonse.

Chitetezo china ndi cha anthu a manja ataliatali. Foni ya analogi ndi yosavuta kuimvetsera: munthu wofika pa bokosi lolumikizira ali ndi kafoni ka amisiri ka timano tiwiri atha kumva zonse, kapena kuimba pa bilu ya kampani. Pa VoIP, soketi yosiyidwa yamoyo m'chipinda cha alendo ndi khomo lolowera mu netiweki yonse. N'chifukwa chake kabati imakhala ndi loko, masoketi osagwiritsidwa ntchito amazimitsidwa pa switch, ndipo mafoni amapatulidwa pa netiweki yawoyawo.

M'maofesi a ku Malawi

Kuno mafoni apansi anali m'manja mwa Malawi Posts and Telecommunications Corporation, mpaka pamene bungweli linagawidwa m'chaka cha 2000 n'kubadwa Malawi Telecommunications Limited, MTL, potsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998 limene linakhazikitsanso MACRA. Manambala oyamba ndi 01 aja ndi a mafoni amenewa. Mafoni a m'manja, amene TNM inayambitsa mu 1995 ndipo Celtel inatsatira mu 1999, anawapitirira kutali, komanso kuba kwa nthambo za mkuwa kwakhala kukusiya madera ena opanda laini. Komabe m'mabanki, m'mahotela, m'zipatala ndi m'maofesi a boma foni ya padesiki ikadalipo, ndipo mawu oti “dikirani pang'ono ndikulumikizeni” akumvekabe pa risepushoni. Chasintha n'chakuti mafoni ambiri ochokera kunja tsopano amalowa kudzera pa faiba, pa wailesi, kapena pa kabokosi ka masimu khadi kolumikizidwa ku PABX. M'kati mwa nyumba waya akadali mfumu.

Chilankhulo cha amisiri akuno n'chokoma kumva. Achikulire amati lamya, achinyamata amati foni yapansi kapena giraundi laini. Nambala ya mkati ndi ekisitenshoni. Soketi ya pakhoma ndi poyinti, ndipo mtengo wa ntchito nthawi zambiri amaukambirana pa poyinti. Kukhomera waya pa timano amati kupancha, kufinya pulagi ndi kukirimpa, kuyesa ndi kutesita. Chipangizo chopanchira ambiri amangochitchula kuti Krone, ngakhale kuti kampaniyo inagulidwa ndi ADC mu 2004 ndipo dzinalo kenako linapita m'manja mwa CommScope. Kuona mmisiri wozolowera akupancha n'kosangalatsa ndithu. Amasenda khungu lakunja, n'kuyala timawaya pa timano motsata mitundu, chala chachikulu chikupanikiza kuti mapotedwe asamasuke, kenaka kumangomveka kha, kha, kha, timapisi ta waya todulidwa tikugwera pa nsapato zake. Akamaliza amapesa mtolo wonse ndi zala kuti ugone bwino, n'kumata kapepala ka nambala.

Nyumba zambiri za kuno ndi za njerwa ndipo zinamangidwa osaganizira za netiweki, choncho m'malo mosema khoma amisiri amakhoma thiranking'i yoyera yapulasitiki m'mbali mwa khoma. Ikaikidwa mowongoka, makona ake atadulidwa bwino, siinyansa. Vuto limayamba ntchito ikamaonjezeredwa pang'onopang'ono: lero wina wakoka waya wa pirinta, mawa wina wa kamera, mkuja wa makina odindira chala, aliyense wodutsa njira yake, mpaka kumbuyo kwa kabati kumaoneka ngati mitsitsi ya kachere. Zikafika apo palibe amene amalimba mtima kuzula waya ngakhale mmodzi, poopa kuzimitsa foni ya bwana.

Adani a waya kuno ndi odziwika. Makoswe a m'denga amatafuna khungu lake, ndipo mankhwala ake ndi kudutsitsa waya m'mapaipi. Dzuwa limaumitsa ndi kuswa waya wa m'nyumba akapachikidwa panja. Fumbi la m'chilimwe limadzaza m'kabati yosiyidwa yotsegula, makamaka ngati chipinda cha mawayacho chasandukanso sitolo ya mamopu ndi mafayilo akale. Koma woopsa kwambiri ndi mphenzi ya m'dzinja. Waya wa mkuwa wolumikiza nyumba ziwiri, monga ofesi ndi nyumba ya alonda a pageti, amatola mphamvu ya mphenzi yogwa chapafupi n'kukaotcha makina mbali zonse ziwiri. Faiba sanyamula magetsi, choncho ndiye woyenera pakati pa nyumba, ndipo pomwe mkuwa sungapewedwe pamafunika zotetezera ndi waya wa ethi wolumikizidwa bwino ku kabati. Kuthimathima kwa magetsi nako kumatanthauza kuti ofesi ya mafoni a VoIP yopanda UPS kapena inveta pa switch imakhala chete magetsi akangozima, zimene mafoni akale sankachita.

Palinso waya wotchipa wotchedwa CCA, wa aluminiyamu wongopaka mkuwa pamwamba, amene amagulitsidwa m'mabokosi a mamita 305 olembedwa Cat6 ngati weniweni. Miyezo ya TIA ndi ISO siimuvomereza. Amathyoka msanga pa timano, ndipo amatentha akamanyamula magetsi a foni. Amisiri amamuzindikira pomupala ndi mpeni: m'kati mukaoneka moyera, ndi yemweyo. Bokosi lake limapepukanso m'manja.

Kufunika kwake

N'kutheka kuti dongosololi ndi limodzi mwa zifukwa zimene maofesi ambiri asamukira ku mafoni a pa intaneti popanda kugumula makoma, ndipo kusamukako kukupitirira, monga ku Britain komwe kampani ya mafoni ya BT inaika Januwale 2027 ngati nthawi yozimitsira netiweki yakale ya mafoni apansi.

Ntchito yoika mawaya ikatha imayesedwa, koma kuyesa kulipo kuwiri. Katesita kotchipa ka timagetsi tisanu ndi titatu kamangosonyeza kuti mawaya afika ndipo sanasemphane. Makina oyesera enieni, monga a Fluke Networks, amayeza utali, kutayika kwa mphamvu ndi kumverana kwa magulu, n'kutulutsa lipoti la waya aliyense payekha. Kampani yoitanitsa ntchitoyi isamapereke ndalama zomaliza isanalandire lipoti limeneli, pamodzi ndi mapu a mapoyinti onse ndi makiyi a kabati.